Udzu wa Denga la Mable

Basi yochokera ku Lilongwe inafika pa depoti ya Mzimba dzuwa litapendeka, itafiira ndi fumbi mpaka m'mawindo. Mable Mbewe anatsika miyendo itachita dzanzi. Anali mtsikana wa ku Dedza, wongomaliza kumene kosi ya taipi, ndipo boma linamuponya kumpoto kumene sankadziwako ngakhale galu.

Pachipata panaima anyamata achipani a malaya ofiira.

"Khadi, mayi!"

Khadi la chipani anali nalo ndithu, koma linali m'sutikesi, sutikesiyo ili pamwamba pa basi, yapanikizidwa ndi matumba a nyemba ndi njinga za eni. Kondakitala anali atapita kukamwa tiyi. Mable anayesa kufotokoza, koma anyamata aja anangomulozera pansi pa mtengo pomwe ena opanda makadi anali atakhala kale chogwira m'masaya.

"Ndapota, asiyeni mayiwa," anatero mnyamata wina wamtali, wa jekete la khaki ndi makutu otambasuka ngati zogwirira za poto. "Sutikesi yanu ndi iti, mama?"

"Yobiriwirayo."

Asanamalize, mnyamata uja anali atakwera kale. Anatsika nayo sutikesi pa phewa, khadi linapezeka, anyamata achipani anatembenukira kwa ena.

"Zikomo kwambiri, bambo."

"Kuno timati yewo. Ndipo ine si bambo, ndine Justus Hara, wa za nkhalango ku Luwawa. Ntchito yanga ndi kulondera moto." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma lero ndaona moto wina umene sindingauzime."

Mable anaseka. Akanatani? Mawu ngati amenewa amasekedwa kaye, kenako munthu amakawakumbukira ali yekha m'nyumba.

Chikondi chinayamba choncho. Timakalata tinkabwera ndi dalaivala wa lole ya matabwa, tonunkha utomoni wa paini. "Duwa langa la ku Dedza, kuno kwazizira chomene, koma ndikakumbukira iwe ndimavula jekete." Kena kankati, "Wapamtima, dzulo ndili pa nsanja ndinayang'ana ku Boma mpaka moto unatsala pang'ono kundipita kumbuyo." Mable ankayankha ndi taipi ya ku ofesi bwana akatuluka. Anamulukiranso Justus juzi ya buluu, mkono wina wautaliko pang'ono, ndipo iye ankaivala ngakhale kukatentha.

Enifa, mnzake wa pa ofesi, mwana wa ku Edingeni, ankangoonerera.

"Kwawo unafikako?"

"Ayi, akuti adzanditenga nthawi yokolola."

"Abale ake ukuwadziwa?"

"Ndimudziwa iyeyo. Sizokwanira?"

"Mnzanga, kuno sukwatiwa ndi mwamuna yekha, umakwatiwa ndi mudzi wonse. Funsa. Safunsa anadya phula."

Mable anangopukusa mutu n'kupitiriza kutaipa. Wachikondi ukamuchenjeza amangoti ndi nsanje.

Mwezi wa Meyi bwana anamuitana. Ku Lilongwe, ku likulu latsopano, kunapezeka malo a wotaipa, kufupi ndi kwawo, kufupi ndi amayi ake. Mwayi wotere ena ankaulirira. Bwana anati akufuna yankho Lolemba: apita kapena malowo apatsidwe wina.

Justus atamva anabwera yekha, osatuma kalata.

"Usapite, duwa langa. Loweruka ndikutengera kwathu. Ukaone amama, ukaonenso nyumba yako ndi maso ako. Ukaona, ukawauze abwana akowo kuti Mable ndi wa ku Mzimba."

Ndiye Loweruka m'mamawa Mable anakwera lole ya matabwa yopita ku Luwawa. M'chikwama anaikamo shuga, sopo, chitenje chatsopano cha apongozi, ndi nsapato za gogoda zoti akavale polowa m'mudzi. Mumtima anali atayankha kale bwana uja. Chinangotsala ndi kuona.

Anampeza Justus akumudikirira pafupi ndi damu, atavala juzi ya buluu ija, m'manja muli ndodo ziwiri.

"Ndodo za chiyani?"

"Tidutsa pamwamba. Kwathu ndi kuseri kwa mapiri awo."

Mable anayang'ana. Sanali mapiri oopsa ayi, poyerekeza ndi la ku Dedza anali ana. Koma anali atandandalika, lina kumbuyo kwa linzake, mpaka kumene maso analekezera.

"Msewu kulibe?"

"Ulipo, koma ndi wozungulira. Ndiponso ndikufuna uone dziko lathu."

Anayamba ndi m'nkhalango ya paini, momwe munali mdima ndi kuzizira, mapazi osamveka. Atatulukamo anakumana ndi udzu wofika m'chiuno, wofiirira, wodzaza mame. Mvula inali italeka, kumwamba kuli mbee, kamphepo kakulowa m'makutu. Pamwamba pa phiri loyamba panali nsanja yolonderera moto. Justus anamuonetsa damu likunyezimira kumbuyo kwawo, ndi minda ya chimanga chouma kutsogolo, ina itaimikidwa kale mikukwe.

Kenako anathothola udzu pang'ono, nakhala pa mwala n'kuyamba kuluka. Zala zake zinali zaluso. Posakhalitsa anatulutsa kachibangili, namuveka Mable pa dzanja.

"Mphete ya m'sitolo ikubwera. Ichi ndi chikole."

"Chikole cha udzu? Anthu a kumpoto kuumira!"

"Udzu ndi umene umafunditsa nyumba, wapamtima." Anaseka, koma kuseka kuja kunathera panjira. "Mable, ndili ndi mawu."

"Nena."

Justus anayang'ana nsapato zake, anayang'ana kumwamba, anakanda khutu.

"Tikafika pa phiri ilo ndikuuza."

Anatsetsereka, anadumpha kamtsinje, anakweranso. Phiri lachiwiri linali la miyala ikuluikulu, ndipo anyani anawaona akubwera n'kuyamba kubwebweta ngati alandidwa munda. Anakhala pa thanthwe lofunda ndi dzuwa. Justus anamasula kansalu, m'menemo munali mbatata yootcha ndi mtedza wokazinga ndi mchere.

"Iii, wakazinga ndiwe? Ndiye ndapeza mwamuna!"

"Ayi, anatumiza alamu anga."

"Alamu ako ati?"

"Akazi a akulu anga, a Yoram. A Yoram anafera ku migodi ku Joni, chaka chimene ine ndinayamba ntchito. Papita zaka ndithu."

"Pepa. Nanga mayiwo sanabwerere kwawo?"

"Ng'ombe zinapita kale. Kuno ng'ombe za malowolo zikapita, mkazi ndi wa pamudzi."

Mable anagwedeza mutu. Kwawo ku Dedza mwamuna ndi amene amapita kwa mkazi, ndipo akamwalira, abale ake amadzasudzula mkaziyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Za ng'ombe ankangozimvera patali. Mumtima anati: anthu abwino bwanji, osunga namfedwa chonchi! Anatolanso mtedza wina. Unali wokoma, wokazingidwa ndi munthu wodekha.

"Mawu aja?" anamukumbutsa.

"Mawu ati?"

"Amene unati uli nawo."

"Aa, mbwenu... ndimafuna ndinene kuti ndimakukonda kuposa moyo wanga."

"Zimenezo ndiye zoti uchite kusungira phiri?"

Justus anadzuka n'kukutumula juzi yake. Anati dzuwa likuthamanga.

Kuchokera pamenepo ulendo unasiya kukoma. Mapiri aja ankaoneka ang'onoang'ono, koma ukakwera limodzi lina linkangotulukira kutsogolo ngati likukuseka. Mable anasiya kuwerenga. Chisoso chinamamatira chitenje chonse, nsapato za kanivasi zinamutupitsa chithendene, thukuta linkauma ndi mphepo n'kumusiya akunjenjemera. Pena ankadutsa m'mitengo ya misuku, pena pa mtetete, pena m'kanjira ka ng'ombe. Anakumana ndi gulu la nkhanga basi, munthu ayi. Justus ankayenda patsogolo atanyamula chikwama, akuloza uku ndi uko, kutchula mayina a mitsinje ndi midzi imene Mable sanaifunse.

Pa phiri lina lopanda mtengo Mable anakhala pansi n'kuvula nsapato.

"Justus, ndatopa. Ukundizunguliranji chonchi?"

"Tatsala pang'ono, duwa langa."

"Kuyambira m'mawa tatsala pang'ono! Kodi kwanuko akundiyembekezera?"

"Chomene! Amama aphetsa nkhuku. Mudzi wonse ukukudziwa."

"Ndiye chikukuvuta n'chiyani? Uli ndi chibwenzi china kumudziko?"

Justus anagwada pa udzu, nagwira manja ake onse awiri. Maso ake anali atafiira, mwina ndi mphepo.

"Ndikulumbira pamaso pa Chiuta, palibe mkazi wina amene ndinamufunsirapo chibadwire changa. Ndiwe woyamba, ndiwenso womaliza."

Mawu amenewa anali oona. Mable anawamva kuti ndi oona, ndipo mtima unakhala m'malo. Anavalanso nsapato. Kodi munthu wolumbira chotere ungamufunsenso chiyani?

Dzuwa litayamba kupendeka anafika pa phiri lomaliza. Kumunsi kunali mudzi: khola lalikulu la ng'ombe pakati, nyumba zitalizungulira, nkhokwe zatsopano zikudikira chimanga, chigafa cha fodya chakumbali. Utsi unkakwera mowongoka. Chakumapeto kwa mudzi kunali nyumba yatsopano ya njerwa, phaso litamangidwa kale koma losafoleredwa.

"Waiona iyo?" anatero Justus. "Ndi yako. Njerwa ndinaumba ndekha pa tchuthi."

Mable anagwira pakamwa. Misozi inalengeza. Nyumba yake! Ya mawindo awiri kumaso, ya khonde! Anaiwala chithendene, anaiwala chisoso. Lilongwe angamuuze chiyani?

"Nanga yoyandikana nayo, ya mpanda umodzi ndi yathuyo?"

"Ndi ya... alamu aja."

"Zakhala bwino. Ndidzakhala ndi wocheza naye iwe ukakhala ku nsanja."

Justus anatsegula pakamwa n'kutsekanso.

Mable anabisala kuseri kwa mwala, anatsanulira madzi otsala m'botolo pa mapazi, anadzola mafuta, anachotsa chisoso chimodzichimodzi n'kumanga bwino duku. Gogoda anati akavala akafika pa chigwa. Kenako anayamba kutsika.

Pakati pa phiri anamva chikwakwa. Tswe, tswe, tswe. Mayi wina anali kumweta udzu wofolera, mwana ali kumbuyo, mtolo waukulu uli pambali womangidwa kale. Justus anaima ngati waponda njoka.

Mayi uja atawaona anaponya chikwakwa pansi, anagwada chapatali n'kuwomba m'manja.

"Monire, a Hara. Mwayenda uli?"

"Makora," Justus anayankha chapansipansi.

Ndiye mayi uja anatembenukira kwa Mable, nkhope yonse ikuwala.

"Ndimwe Nyambewe? Yewo, yewo chomene! Mwafika! Takhala tikuyang'ana ku msewu kuyambira m'mawa, kani mwadzera kumtunda? Ine ndine Christobel. Chichewa changa ndi chothyokathyoka, mundikhululukire."

"Ndinu alamu ake a Justus," anatero Mable akugwadanso. "Mtedza wanu unakoma, mayi."

Christobel anayang'ana Justus. Justus anayang'ana ndodo yake.

Nthawi yomweyo mwana wa kumbuyo uja anadzuka n'kusuzumira pa phewa la amake. Anali khanda loti silinayambe n'kukwawa komwe. Mable anamwetulira, kenako kumwetulirako kunauma. A Yoram anamwalira zaka zapitazo. Ndipo khandalo linali ndi makutu otambasuka amene iye ankawadziwa bwino kuyambira pa depoti ya Mzimba.

"Mwanayu ndi wa ndani?"

"A Hara," anatero Christobel, mawu ake osakwera, "mbwenu mwayenda nawo mapiri onsewa osawauza?"

"Ndimati ndinene..."

"Mumati munene liti? Atalowa m'nyumba?"

Mphepo inkagwedeza udzu. Kumudzi kunamveka ng'ombe ikulira, ndi mawu a ana.

Christobel anasendera pafupi, akuyenda ndi mawondo.

"Mng'ono wanga, ndikuuzeni ine. A Yoram atamwalira, akuluakulu anakhala pansi. Ng'ombe za kuno zili kwa adada anga, zina zinakwatitsa kale mlongo wanga. Kubwerera sindikanabwerera. Ndiye awa anandilowa chokolo. Ine sindinasankhe, iwonso sanasankhe. Inu ndiye anasankha okha." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ine ndilibe nanu chifukwa. Nyumba yanu ndazira kale pansi. Udzu uwu ndi wa denga lanu, ndimati ithe kufoleredwa chisanu chisanafike. Akuti kwanu ku Dedza kumazizira, koma kuno kumaposa."

Mable anayang'ana mtolo uja. Unali udzu wabwino, wosankhidwa, wautali mofanana, womangidwa ndi luzi mwaukhondo. Anayang'ana manja a Christobel, odzaza mabala a udzu. Anafuna kumuda mayiyu, koma poyambira panalibe.

Mtima unamupweteka kwambiri, kupweteka kwenikweni, ngati wamenyedwa pachifuwa. Koma sanalire. Mwina anali atatopa kwambiri.

"Duwa langa, tandimvera," Justus anayamba. "Sindinakunamize. Nyumba ndi yako. Amama akukudikira. Chimene ndinalumbira chija..."

"Ndi choona. Ndikudziwa."

"Ndi mwambo chabe, Mable! Mtima wanga uli kwa iwe wekha!"

Ananena zimenezi pamaso pa Christobel, amene anangoweramitsa mutu n'kukonza nsalu ya mwana.

"Mudzi wonse ukundidziwa," anatero Mable pang'onopang'ono. "Amayi anu akudziwa. Mayi awa akudziwa. Ng'ombe zomwe m'kholamo zikudziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mwini nyumba."

"Ndinkaopa kuti ukamva uthawa."

"Ndiye munati ndikatopa ndi mapiri sindithawa?"

Justus anamva kuti Mable wasiya kumutchula kuti iwe. Chimenechi chinamuopsa kuposa kukalipa.

Mable anatembenukira kwa Christobel.

"Mayi, msewu uli kuti?"

"Uwo, kuseri kwa munda wa chimangawo. Mukuona mabulugamu aja? Pamenepo. Basi ya ku Boma imadutsa dzuwa lisanalowe." Anazengereza pang'ono. "Mukanabwera pa basi, bwenzi mutafika tiyi asanazizire."

Mable anayang'ana. Msewu unali pomwepo, woti mwana angatumidwe kukagula machesi n'kubwerera madzi asanawire. Anacheuka kuyang'ana mapiri onse amene anakwera, atandandalika kumbuyo kwake, ali phee padzuwa. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano.

"Koma tafikani kaye kunyumba, ndapota," anatero Christobel. "Nkhuku yaphedwa. Amama andifunsa kuti ndakuuzani chiyani."

"Mukawauze kuti mwandiuza zoona."

Anatenga chikwama chake m'manja mwa Justus. Anatulutsa shuga, sopo ndi chitenje chija n'kuziika pa udzu patsogolo pa Christobel.

"Chitenje ndi cha amayi. Zinazi ndi za mwana."

"Yewo," Christobel ananena chonong'ona. Misozi inali kutsika, ndipo sanaipukute. Ndani akudziwa chimene ankalirira? Mwina manyazi, mwina chisoni, mwinanso anali atayembekezera mnzake womuthandiza kusinja.

Kenako anaimirira, anapinda nkhata n'kuiika pamutu. Anayang'ana mtolo uja, anayang'ana Justus, koma Justus anali atakhala pa mwala nkhope ili m'manja.

"Nditwikeni, mng'ono wanga."

Mable anagwira mbali imodzi. Mtolowo unali wolemera kuposa momwe unkaonekera. Anakweza onse awiri mpaka unakhazikika pamutu pa Christobel.

"Mable!" Justus anadzambatuka. "Nanga Lolemba ukawauza chiyani abwana?"

"Ndikawauza ndi pakamwa, mawu awiri basi. Sindikawakweza mapiri."

"Usandisiye, wapamtima! Ndikhala bwanji popanda iwe?"

"Mukhala. Muli ndi nyumba ziwiri."

Mable anatsamiritsa ndodo ija pa mwala pafupi ndi Justus. Atatambasula dzanja anaona kachibangili kaja, katayamba kale kufota. Anakavula mosamala kuti kasaduke, anasendera kwa Christobel, n'kukalowetsa pansi pa luzi la mtolo.

"Muonjezere apo, mayi," anatero. "Denga lingadonthe."

Anatsika phiri yekha kulunjika ku mabulugamu aja, akutsimphina pang'ono, nsapato za gogoda zikugundana m'chikwama.